Kabudula wa Konkire

Mpando ndi ine tinasiyana kalekale. Ndikati ndikhale, chitsulo chimene madokotala a ku Joni anasiya m'ntchafu mwangamu chimayamba kundifunsa kuti tinyamuka liti. Ndikaima chimati tiyende, ndikayenda chimati tikhale. N'chifukwa chake anthu a kwa Kapichila amandiona m'mawa kudimba, masana pa msewu wa ku boma, madzulo ndikuzungulira khola la ng'ombe za eni ake, n'kumanong'onezana kuti munthuyu anasiya mutu ku Joni. Mutu ndinabwera nawo. Chimene ndinasiya kumeneko ndi chidutswa cha fupa ndi khungu la pamalo pena pamene sinditchula msanga.

Ena amati ndimakometsera nkhani. Ine? Ndine munthu wobatizidwa. Ngati m'zimene ndinene pano muli bodza, ngakhale laling'ono ngati njere ya fodya, mphenzi indipeze m'mwezi wopanda mitambo.

Amene ananditengera ku Joni ndi apongozi anga, a Mtonga, bambo ake a mkazi wanga Nyamtonga. Iwo anali mmisiri womanga, ndipo anali atagwirako kale ntchito zaka zambiri. Chaka chimenecho fodya wanga anagulidwa pa mtengo woti ogulawo anachita manyazi okha kundiyang'ana kumaso. A Mtonga atabwera kudzapuma, anayang'ana denga langa la udzu, anayang'ananso mabeseni amene tinkatchera m'nyumba mvula ikamagwa, kenako anaitana mwana wawo.

"Nyamtonga, uwauze a mkweni kuti kumene ndikugwirako akufuna munthu wokankha wilibala."

Ine ndinali pomwepo, kuseri kwa nkhokwe, pafupi moti akanayetsemula ndikanamva mphepo yake.

"Uwauze adada kuti yewo chomene," ndinatero powathokoza.

Kwathu kuno mkweni, amene ena amati mkamwini, amaopana ndi apongozi ake. Sadyera mbale imodzi, sakhala pa mphasa imodzi, sasamba malo amodzi, ndipo ngati pali munthu wina pafupi, mawu awo amadutsira mwa iyeyo. Si chidani ayi, ndi ulemu. Ulemu umenewu tinakwera nawo minibasi pa Lundazi, tinatsika nawo ku Chipata, tinafika nawo ku Lusaka, iwo kutsogolo, ine kumbuyo pamwamba pa matayala. Kuchokera ku Lusaka tinakhala m'basi nthawi yaitali moti mwana amene anakwera akuyamwa anatsika ku Joni akudziyendera yekha, n'kundifunsa ngati ndili ndi machesi. Ndinamuona ndi maso angawa.

Tinkakhala m'kachisakasa ka malata, anthu atatu: a Mtonga, ine, ndi Gondwe wa kwa Mphamba, kamunthu kafupi kokonda kulankhula. Chipinda chinali chimodzi, choncho tinasoka matumba a simenti n'kupanga nsalu yotchinga pakati. Gondwe ankagona pa malire penipeni. Ku kampani analembedwa ntchito yosakaniza daka, koma ntchito imene inkamutopetsa kwambiri inali yonyamula mawu.

"Gondwe, uwauze a mkweni kuti akamagona azitseka pakamwa. Malata akugwedezeka."

"Gondwe, uwauze adada kuti imene ija inali sitima."

"Imwe banthu, manje ine nizamwa liti tiyi?" Gondwe ankadandaula. "Munthu ali apa, winanso ali apa! Muzindilipira ngati foni."

Beseni linali limodzi, kuseri kwa chisakasa. A Mtonga akatenga sopo, ine ndinkapita kukaima kumsewu kuwerenga magalimoto mpaka Gondwe aimbe likhweru. Ine ndikatenga sopo, iwo ankapita kukaona nyengo. M'miyezi yozizira madzi a m'beseni ankafuna kuwagogoda kaye kuti akutsegulire. Koma a Mtonga sanaphonyepo kusamba, ndipo kuntchito ankapita atavala jekete ndi buluku losita, n'kukasinthira komweko, chifukwa anali mkulu wa mpingo ndipo ankati munthu sadziwa amene akumane naye panjira.

Tinkamanga nyumba yosanjikiza, yaitali moti mbalame zinkapumira pakati. Kapitawo wathu dzina lake lenileni sindilitchula. Tinkamutcha Shesha, mawu a kumeneko otanthauza kuti fulumira, chifukwa china chilichonse sichinkatuluka m'kamwa mwake. Moni wake unali shesha, kutsanzika kwake shesha. Malamba odzimangirira pamwamba analipo, atsopano, okongola, koma ankakhala m'bokosi lokiya ngati zovala za ukwati. Ankatuluka tsiku limene kukubwera oyendera ntchito, madzulo ake n'kubwereramo. Matabwa amene tinkayendapo ndi wilibala ankamangidwa ndi waya, ndipo waya akasowa ankamangidwa ndi chikhulupiriro.

Eni dziko amene tinkagwira nawo ankatiuza kuti lamulo lilipo: munthu akavulala pa ntchito amalandira chipukuta misozi, ndipo chipatala salipira yekha, bola zidziwike kuti wavulaliradi pa ntchito. Tinkangoti chabwino. Koma ndinkaona kuti aliyense wovulala ankatulukira pa geti ya kumbuyo, m'pikapu ya Shesha, ndipo sankabwereranso. Mnzathu wina makina anamudya zala. Tinamufunsa Shesha za iye, iye anati shesha.

Masiku ankapita choncho. Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe kumudzi, Nyamtonga n'kundiuza pa foni kuti malata agulidwa, kenako njinga, kenako tonde ndi mbuzi zake. Ine usana wonse ndinkakankha wilibala m'mwamba, pansi anthu akuoneka ngati nyerere, mtima uli kumunda kwanga. Ndinkati ndikangopeza ng'ombe ziwiri zolimira, ndapita. Munthu wa ku Joni aliyense amanyamuka mwezi wamawa.

Tsiku limenelo tinkathira silabu. Lori ija yozungulira mimba inali pansi ikulira, konkire akukwera, Shesha akukuwa. Ndinadzaza wilibala mpaka kusefukira, n'kuponda pa thabwa limene ndinali nditapondapo kambirimbiri. Thabwalo linatembenuka mwakachetechete ngati munthu wogona.

Ndinagwa nthawi yaitali. Ndinadutsa pa nsanjika imene Gondwe ankagwira, ndinamupatsa moni, iye anayankha n'kundifunsa za kunyumba. Ndinali ndi mpata woganiza za mbuzi zanga imodziimodzi. Pansi ndinafika ine poyamba, chokhala, pa mulu wa konkire wamuwisi amene anatayika pa lori. Wilibala inafika pambuyo panga, ndipo konkire amene anali m'wilibalamo anafika pomalizira, monga mwa ulemu wake. Ndinamva kuti thyo! m'ntchafu, kenako kunada.

Zotsatirazi anandiuza Gondwe, ndipo Gondwe sanama pokhapokha pa nkhani ya akazi.

Akuti a Mtonga anatsika makwerero ngati mnyamata. Anandipeza ndili mbuu, ovolosi itang'ambika kuyambira pamchombo mpaka m'mawondo, konkire ali m'makutu, m'mphuno, paliponse pamene akanatha kulowa. Ndipo akuti tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba chiyambire, Shesha sananene kuti shesha. Anagwada pafupi ndi a Mtonga n'kulankhula motsitsa mawu ngati m'busa.

"Madala, pepani. Ndi wa m'banja mwanu uyu, eti? Pikapu ilipo, tipita naye pompano. Koma mukamuonetsa kwa madokotala ali chonchi, ngati nkhumba yochoka m'thope? Inu anthu a ku Zambia ndimakudziwani, ndinu aulemu."

Anakoka yekha payipi ya madzi. Anabweretsa thaulo ndi sopo watsopano, wam'pepala.

"Adada, tiyeni naye chonchi!" anatero Gondwe. "Akamuone mmene alili!"

"Iwe Gondwe, mwamuna wa mwana wanga akalowe pakati pa anthu ngati chiboliboli?"

Musawaweruze msanga apongozi anga. Kwathu munthu sapita kuchipatala ndi litsiro. Ngakhale wolumidwa ndi njoka amayamba wapempha madzi ndi malaya a Sabata, poizoni n'kumadikira panja. A Mtonga anali atamvapo za machenjera a makapitawo, koma ataona magazi anga, zaka zonse za ku Joni zinathawa m'mutu mwawo, munatsala Kapichila yekhayekha. Shesha ankadziwa zimenezi kuposa ife eni ake.

Shesha anamuthamangitsira Gondwe kumwamba, ati konkire sadikira munthu, moti zotsalazo Gondwe ankaonera ali pa nsanjika. A Mtonga anadula ovolosi ndi mpeni. Anandisambitsa kumaso, m'makutu, m'khosi, m'manja, pachifuwa. Anandivula jombo n'kutsuka zala za kumapazi chimodzichimodzi, n'kukwera mpaka m'mawondo. Atafika pa kabudula amene ndinkavala mkati mwa ovolosi, anaima. Kabudulayo anali atadzaza konkire ngati thumba. Akuti anayang'ana kumwamba, anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere kufuna womutuma, koma panalibe wina koma Shesha, amene anali kalikiliki kusonkhanitsa ovolosi, jombo ndi chipewa changa, ati akandichapire. Pamenepo a Mtonga anatenga buluku lawo losita lija, anatsinzina, n'kulikokera pamwamba pa kabudula ndi konkire wake yemwe. Iwo ndi munthu wa thupi, choncho linakwana. Anandivekanso jekete.

Ndinatuluka pa geti ya kumbuyo ndikununkhira sopo ngati mkwati.

Kuchipatala a Mtonga anatsala pambali pa kabedi ka matayala kamene anandigonekapo, Shesha n'kupita yekha pa windo kukalankhula. Kenako anati akaimike bwino pikapu. Mpaka lero akuiimikabe. Mzere unali wautali, ndipo konkire, monga ananenera mwini wake, sadikira munthu.

Nditatsegula maso ndinaona nkhope ya mayi wamkulu wovala zoyera. Anali sisitala woyang'anira chipinda chathu, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankanditcha Zambia.

"Wadzuka, Zambia? Takhala tikukugumula."

Akuti atang'amba buluku anapeza kabudula wouma gwa. Anayamba ndi kasowo kodulira pulasitala, mano ake anatha. Anakabwereka tchizulo kwa amisiri amene ankakonza mpanda wa chipatala. Kabudulayo anachoka ngati chipanda chosweka pakati, mbali ziwiri, ndipo mkati mwake munatsala chithunzi cha zonse zimene Mulungu anandipatsa kumbuyoku. Simenti imadya khungu, ndiye inali itadya mokwanira. Sisitala anaika zidutswazo m'ndowa pansi pa tebulo lake, ndipo anamwino a m'zipinda zina ankabwera pa nthawi ya tiyi kudzaona. Wina anabwera ndi mwamuna wake. Ndikanama, lilime langa liume ngati kabudulayo.

Ndinaseka nawo masiku oyambawo, mpaka Lamlungu pamene Gondwe ndi a Mtonga anabwera kudzandiona. A Mtonga anakhala pafupi ndi chitseko, chipewa pa mawondo, maso pansi. Gondwe anandiyandikira.

"Mnzanga, zavuta. Kampani ikuti tsiku lija sunabwele kuntchito."

"Nanga ndinagwa kuchokera kuti? Kumwezi?"

"Shesha anauza a pa windo kuti ndiwe neba wake. Ati unagwa pa denga la chisakasa utaledzela, iye anangokuthandiza ndi galimoto."

"Anthu onse aja anaona!"

"Anaona, koma auzidwa kuti wotsegula pakamwa atsegulenso geti. Adada apita ku ofesi, awabweza, ati m'bale sachitila umboni m'bale wake."

Tsiku lomwelo dokotala anali atandiuza kuti fupa alilumikiza ndi chitsulo, ndidzayenda, koma wilibala ndiiwale, ndipo kutsatira ng'ombe m'munda ndiiwalenso. Ndiye taganizani. Ngati ndinavulalira pa ntchito, ndinali ndi pogwira moyo wanga wonse. Ngati ndinagwa pa denga nditaledzera, ndinali kubwerera kwa Kapichila ndi ndodo ziwiri, mbiri ya uchidakwa, ndi jekete la apongozi. Mowa sindimwa n'komwe, umandipatsa chilungulira.

Masiku amenewo ndi amene ndinaphunzira kusakhazikika. Mwendo anaupachika pa zitsulo, kumbuyo kuli mabala, chagada sindingagone, chafufumimba sindingagone. Ndinkangoyang'ana denga. Ndinkaona Nyamtonga akulima yekha, ndinkaona achimwene anga akusuntha malire a munda pang'onopang'ono, ndinkaona ana a sukulu akunditsanzira kayendedwe. Gondwe anati a Mtonga asiya kudya. Akabwera ankangokhala pa chitseko paja osatuma mawu alionse, ngakhale onena za mkonono.

Sisitala ndi amene anatopa nazo. "Zambia, ine ndaona zidakwa zambiri zogwa pa denga. Sindinaonepo chobwera ndi maziko a nyumba m'buluku." Anaimba foni ku ofesi yoona za ovulala pa ntchito, ndipo anaimbanso, ndipo anaimbanso, mpaka anthu a kumeneko anaona kuti kubwera n'kosavuta kusiyana ndi kumuyankha.

Anabwera bambo wina wa imvi, wa magalasi, wolankhula pang'onopang'ono. Anaitanitsa onse pa bedi panga. Shesha anafika atavala tayi. A Mtonga anaima chakumapazi, Gondwe pakati monga mwa nthawi zonse.

Shesha anayamba. "Bwana, funsani aliyense pano. Munthuyu anafika woyera, wonunkhira sopo, wovala jekete. Ndani amachoka pa silabu ali choncho? Ovolosi yake ili kuti? Jombo zili kuti?"

Bambo uja anagwedeza mutu. A Mtonga anafotokoza m'chinenero cha kumeneko, chimene ankachidziwa bwino, kuti ndi iwo anandisambitsa, pa ntchito pomwepo. Sisitala ananyamuka. Anangopita, n'kubwera ndi ndowa ija, n'kuikhutulira pa tebulo kuti gu!

Shesha anayankha msanga. "Mwina ankamanga kwawo."

"Chisakasa cha malata?" anafunsa bambo uja. Anatembenuza chidutswa chimodzi ndi cholembera, anachiyang'ana mkati, n'kuchibweza msanga. Kenako anatembenukira kwa a Mtonga. "Koma madala, nkhani yanu nayonso ili ndi chibowo. Mukuti munamusambitsa inu. M'makutu munatsuka. Zala za kumapazi munatsuka. Ndinu mmisiri, mukudziwa kuti simenti imadya munthu. Ndiye munasiya bwanji mulu wonsewu pamene umamudya kwambiri? Munthu wanzeru sangachite zotero. Pali chimene simukundiuza."

Mtima wanga unatsikira m'chitsulo chija. Shesha anayamba kumwetulira.

A Mtonga anaika chipewa pa bedi. Anawongoka, nkhope itachita mdima ngati munthu amene watukwanidwa pa bwalo.

"Bwana, inu ndinu munthu wamkulu, wa imvi ngati ine. Mukundifunsa zimenezo pamaso pa anthu? Ameneyu ndi mwamuna wa mwana wanga."

Ngakhale wa bedi loyandikana nane, amene ankabuula usana wonse, anasiya kuti amve.

Bambo uja anavula magalasi. "Mkamwini wanu?"

"Mkweni wanga."

Anatiyang'ana tonse awiri, n'kuona kuti chiyambire msonkhanowo sitinayang'anane. Anayang'ana Gondwe ali pakati. Kenako anaseka, kuseka kochokera m'mimba, mpaka anapukuta misozi ndi tayi yake.

"Apongozi anga anamwalira ndisanaonepo ngakhale phewa lawo," anatero. "Kwathu kumudzi n'chimodzimodzi. Madala, ndikhululukireni, funso lija ndalibweza. Bodza lotere palibe angalipeke." Anavalanso magalasi, kuseka kuja kunatha ngati wazimitsa wailesi. "Tsono munthu wosambitsidwa pa ntchito amafuna madzi ndi sopo. Sopoyo anachokera kuti?"

"Ndi awa!" Gondwe anakuwa, chala chili pa mphuno ya Shesha. "Watsopano, wam'pepala! Ndi payipi anakoka okha! Ovolosi anaiponya kumbuyo kwa pikapu, nenze pamwamba nikuona!"

Kwa zaka zonsezo Gondwe ankanyamula mawu a anthu ena. Tsiku limenelo ananena ake, ndipo ntchito inamuthera pomwepo. Anaipeza ina patapita nthawi, kwa kapitawo wina amene akuti anali ndi mawu awiri. Gondwe akadali komweko, ndipo amanyamuka mwezi wamawa.

A ku ofesi yoona za ovulala ija anavomereza kuti ndinavulalira pa ntchito. Chipukuta misozi chinabwera, ngakhale chinapeza misozi itauma yokha. Chimabwerabe pang'onopang'ono ngati mvula yoyamba, kudontha apa, kudumpha apo, koma chimabwera, ndipo pakhomo panga sipanagonepo njala. Zimene zinamuchitikira Shesha sindidziwa. Ndimangomufunira thabwa labwino.

Ndinabwerera kumudzi ndi a Mtonga, amene ku Joni sanapondekonso. Ndinapeza nyumba ya malata, mbuzi zitachuluka, ndi mkazi amene sindinkamudziwa bwinobwino. Nyamtonga amene ndinamusiya ankandifunsa ngakhale za kugula mchere. Amene ndinamupeza ankapalasa njinga kupita ku msika wa Lundazi ndi matumba a nyemba, ankakangana ndi ogula fodya mpaka iwo kupepesa, ndipo nditati ndimuuze mmene tilimire chaka chimenecho anandiyang'ana mwachifundo n'kuti, "Pumulani, awisi ŵana." Kwathu ndi mmene mkazi amatchulira bambo a ana ake. Malire a munda anali atayendadi, monga ndinawaonera pa denga la chipatala. Achimwene anati ndi mvula inawakokolola. Mvula yake inakokololera kumtunda.

Achibale anamva kuti kampani inandipatsa lori yodzaza ndalama. Anabwera ngakhale amene ndinkayesa anamwalira. Amalume ena anayenda kuchokera kwa Mphamba kudzapempha ng'ombe, ndipo nditawauza zoona anati ndiwaonetseko chitsulocho kuti ulendo usapite pachabe. Ndinawapatsa maginito a wailesi yakale, anawaika pa ntchafu panga, anakakamira. Anapita kwawo okhutira.

Chidutswa chimodzi cha kabudula uja sisitala anandipatsa potsanzikana, china anasunga yekha. Changa chili kuseri kwa khitchini, ndipo nkhuku ya Nyamtonga imaikiramo mazira. Anapiye ake amatuluka olimba moti kabawi akawagwira amabweza. A Mtonga akabwera kwathu sankadutsa mbali imeneyo. Za tsiku lija sitinalankhulepo, ngakhale kudzera mwa munthu. Koma ndinkaona kuti ndikamayenda motsimphina pa bwalo, iwo ankatembenuzira nkhope kwina, ndipo ndinkadziwa kuti si ulemu wokha.

Chaka chatha, nthawi yoyanika fodya, mvula itagwa usiku wonse, a Mtonga anakwera pa chigafa chawo m'mawa kuti akonze udzu. Munthu wokalamba, woti anamanga nyumba zofika kumitambo osagwapo. Mtengo unaterereka. Ine ndinali pa maulendo anga osatha aja, ndipo ndinamva kukuwa kwa Nyamtonga. Amuna onse a m'mudzi anali ku maliro kutsidya. Tinawapeza ali m'thope, dzanja litapindika pamene silipindika, pamphumi pakutuluka magazi.

"Nyamtonga," anatero akubuula, "uwauze a mkweni anditengere madzi. Sindingapite ku boma chonchi."

"Adada, madzi a chiyani? Tiyeni msanga!"

"Uwauze adada," ndinatero ine, "kuti chigafachi n'chawo chomwe, palibe kampani yoti iwalipire. Asambe ndithu."

Nyamtonga anatiyang'ana tonse awiri ngati tapenga, n'kuthamanga kukabwereka ngolo. Tinatsala awiri, popanda Gondwe, popanda nsalu ya matumba a simenti. Ndinatunga madzi, ndinatenga sopo. Kugwada kumandivuta, koma ndinagwada. Ndinawatsuka kumaso, m'makutu, m'khosi, dzanja labwino lija. Ndinawavula nsapato n'kuyamba zala za kumapazi chimodzichimodzi.

"A mkweni."

Ndinayang'ana kumbuyo kuti ndione amene akumutuma. Kunalibe munthu.

"Adada."

"Tsiku lija ku Joni. Ndinakulakwirani?"

Ndinapitiriza kutsuka, kukwera pa akakolo, pa msongolo.

"Munandisambitsa bwino, adada," ndinatero. "Munalekezanso pabwino."

Kenako ndinamva phewa lawo likugwedezeka, ndipo sindinayang'ane kuti ndione ngati kunali kuseka. Ngolo inali kumveka kuseri kwa nkhokwe. Nditafika m'mawondo ndinafinya thaulo, ndinataya madzi, n'kupita kukawatengera jekete.